Mukupita ku Joni koyamba? Tiyambe takambirana za mankhwala

Abale anga a kuno ku Chinakanaka, mwezi sutha osamva kuti uje wakwera basi ya ku Joni. Pasipoti, ndalama ya thiransipoti, nambala ya mlamu wokakuchingamirani pa Park Station, zonsezo mumakonza bwino. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ngati namwino ndi mankhwala.

Ndaonapo anthu amene ananyamuka ali ojintcha, n'kubwerako patatha chaka atatheratu. Ukafunsa, nkhani yake ndi imodzi: ma ARV anawathera komweko, ndipo ankaopa kupita kuchipatala poti masiku 30 amene anawadindira pa Beitbridge anali atadutsa kale. Ena sabwerako n'komwe ndi miyendo yawo, achibale amachita kusonkherana ndalama zobweretsera maliro.

Ndiye musananyamuke, pitani kumene mumalandirira mankhwala mukanene poyera kuti muli pa ulendo. Ife si a Immigration, sitikufunsani za mapepala. Ngati mukumwa mokhulupirika ndipo viral load yanu ili bwino, mutha kupatsidwa a miyezi 6. Pemphaninso kalata ya transfer kuti uko akakupitirizeni pamene mwalekezera. TLD amene timapereka kuno, ku South Africa alikonso. A BP, shuga, khunyu ndi mphumu, inunso chimodzimodzi. Koma ngati muli pa mankhwala a TB, maganizo anga ndi akuti malizani kaye miyezi yanu 6. Joni sathawa.

Mankhwalawo akhale m'botolo lake lomwelo, lolembedwa dzina. Ndikudziwa ena mumakhuthulira m'kapepala kuopa maso a anthu, koma mapilisi opanda dzina amavuta kuwafotokoza pa boda, ndipo amawonongeka ndi chinyezi. Muwaike m'kachikwama ka pamiyendo pamodzi ndi pasipoti ndi buku lanu la kuchipatala, osati m'katundu wopita ku buti. Bukulo mulijambulenso pa foni.

Ulendowu ndi wautali: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, pafupifupi masiku awiri mutapinda miyendo. Ambiri, makamaka amayi, samwa madzi kuopa kuvutika ndi mkodzo. Ku Tete kumatentha koopsa, imwani ndithu. Basi ikaima tsikani muwongole miyendo. Mapazi onse awiri kutupa pang'ono si zachilendo, koma mwendo umodzi ukatupa, kutentha ndi kupweteka pa katumba, kapena mukayamba kubanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Magazi amatha kuundana m'mitsempha.

Za malungo. Udzudzu ungakulumeni kuno kapena m'njira, matenda n'kudzaonekera patatha sabata imodzi kapena ziwiri muli kale uko. Ku Johannesburg malungo si ofala, choncho adokotala atha kuganiza kuti ndi chimfine. Thupi likatentha, auzeni nokha kuti mwachokera ku Malawi, akuyezeni magazi. Panado amangobisa.

Mukafika mu June kapena July, kumeneko kumazizira kuposa chiperoni cha kuno ku Mulanje. Tengani juzi yeniyeni ndi bulangete. Anzanu akakuuzani kuti tilowetse mbaula m'chipinda titseke chitseko, kanani. Mpweya wa makala sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Otherani panja, mbaulayo itsale komweko.