Foni Imanyamula Nzeru, Koma Siinyamula Wodwala

Aliyense wa kwa Mfumu Mlolo, Zingalume kapena Mwangala amadziwa kulemera kwa mawu akuti "tikutumizani ku Chipata." Pamafunika ndalama ya galimoto, chakudya cha womudikirira wodwala, ndi kupirira msewu umene m'dzinja umasautsa. Mabanja ena amayamba agulitsa mbuzi kapena thumba la soya. N'chifukwa chake kuonana ndi dokotala kudzera pa foni kumakoma m'makutu a anthu a ku Chadiza.

Ubwino wake ndi woona. Bungwe la ku Britain la Virtual Doctors limathandiza ogwira ntchito m'zipatala zakumidzi m'Zambia kutumiza zithunzi ndi mbiri ya wodwala kwa madokotala akutali, iwo n'kubweza malangizo. Ku Malawi, Chipatala cha pa Foni chinayamba ku Balaka mu 2011, kenaka chinafalikira dziko lonse. Ulendo wosafunika umapewedwa, ndipo wofunika umafulumira.

Koma zimene taona zatiphunzitsa kuti foni imathandiza kwambiri ikakhala m'manja mwa namwino amene ali pambali pa wodwalayo. Iye ndiye wagwira mimba, wayeza kutentha kwa thupi, waona maso atayera. Dokotala wa ku Lusaka amaona zokhazo zimene wauzidwa. Wodwala akadzijambula yekha n'kutumiza pa WhatsApp kwa munthu amene sakudziwa ngati ndi wovomerezeka ndi Health Professions Council of Zambia, mapeto ake ndi kugula makapisozi pamsika. Malungo sadziwika ndi mawu, amafuna kuyeza magazi.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Pamudzi foni imodzi imagwiridwa ndi bambo, mayi, ana ndi mnyamata wotchajitsa pagolosale. Uthenga wokumbutsa za ma ARV ukhoza kuwerengedwa ndi wina mwini wake asanauone. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act lilipo kuyambira 2021, koma silingaletse mpongozi kutsegula foni.

Chaka cha 2024 chinatikumbutsa chinanso. Chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankathima maola ochuluka, netiweki nayo n'kumavuta. Chipatala chodalira intaneti chiyenera kukhala ndi sola, komanso munthu wodziwa chochita foni ikakhala chete. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mayi amene akutaya magazi atabereka safuna uphungu wokha. Akufuna ambulansi yokhala ndi mafuta, magazi osungidwa ndi msewu wodutsika. Choncho pamene tikupempha mafoni ndi nsanja za netiweki, tisaleke kufunsa aphungu ndi makhansala za anamwino, mankhwala ndi msewu wa ku Chipata. Dokotala wapafoni akanena kuti "mubweretseni msanga," payenera kukhala chomubweretsera.