Ng'ombe Yanga ya Dongo Inafera mu Kompyuta

Tili ana tinkaumba ng'ombe za dongo m'mbali mwa dambo, n'kumaziyendetsa ndi manja kwinaku tikulira m'malo mwake. Semesita yathayi ndinafuna kuti ng'ombe yotereyi iyende yokha pa sikirini. Njira yake ndi stop-motion: umajambula chidole, kuchisuntha pang'ono, kujambulanso, mpaka zithunzizo zikamaoneka motsatizana diso limakhulupirira kuti chinthucho chili moyo.

Masamu ake ndi osavuta, chowawa ndi ntchito. Filimu ya kusinema imaonetsa zithunzi 24 pa sekondi. Ambiri opanga stop-motion amajambula 12, chilichonse n'kuonekera kawiri. Ine ndinkafuna masekondi 20 okha, kutanthauza zithunzi 240. Ndinatsamiritsa foni pa mulu wa mabuku, ndinaika waya m'miyendo ya ng'ombeyo, ndipo ndinajambulira pafupi ndi zenera la chipinda chathu kuhositelo. Dongo limauma n'kuyamba ming'alu, choncho ndinkalinyowetsa ndi zala nthawi ndi nthawi. Zinanditengera Loweruka ndi Lamlungu lonse.

Nditaonera zotsatira zake ndinachita manyazi. Kuwala kunkaphethira chifukwa mitambo inkadutsa ndikujambula. Ng'ombe inkayenda modukizadukiza. Zidindo za zala zanga zinkasintha malo pa chithunzi chilichonse, moti khungu lake linkaoneka ngati phala likubwata. Ndinabwereka laputopu ya mnzanga, n'kutsegula DaVinci Resolve kuti ndibise zonsezi.

Ndinayamba ndi optical flow. Chida chimenechi chimayerekeza zithunzi ziwiri zoyandikana, n'kupeka chachitatu choika pakati, kuti 12 zija zikwane 24. Kenako ndinaonjezera motion blur, chimbuuzi chija chimaoneka chinthu chikamayenda kamera ikujambula. Pomaliza ndinasalaza thupi la ng'ombe kuti zala zisaoneke. Ndinagona tambala woyamba atalira, ndili wokhutira.

M'mawa mnzanga wogona naye chipinda anaonera kawiri, kenako anati, "Aise, ng'ombeyi ikuyenda kapena ikusambira? Ya dzulo ija ndiye inali ng'ombe." Ndinakwiya, koma ankanena zoona. Pomwe miyendo inkapingasana, pulogalamu inasowa kuti mwendo uti ndi uti, ndiye inaisungunula ngati phula. Kulemera kwa dongo kunatha. Chinatsala ndi chinthu chosalala chomwe palibe akanakhulupirira kuti munthu anachigwirapo.

Sindikunena kuti ma effects ndi tchimo. Mu 1981, Phil Tippett ndi anzake ku Industrial Light & Magic anagwiritsa ntchito njira yotchedwa go motion popanga chinjoka cha mu Dragonslayer. Makina ankasuntha chidole pa nthawi yomwe kamera ikujambula, kuti chimbuuzi chija chibwere mwachibadwa. Iwo anali ndi chifukwa: chinjokacho chinkayenera kuoneka chenicheni pambali pa anthu enieni. Ng'ombe yanga inalibe munthu woti ifanane naye.

Amene ndinayenera kuphunzirako ndi a Aardman a ku Bristol, omwe amapanga Wallace and Gromit. Mukayang'anitsitsa zidole za Nick Park muona zidindo za zala, ndipo sazibisa. Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi The Lego Movie ya 2014. Inapangidwa pa kompyuta, koma opanga ake anachita kuikamo dala mikwingwirima ndi zidindo za zala pa zidole, kuti ioneke ngati yosunthidwa ndi manja. Anthu analipidwa kuti apeke zomwe ine ndinali nazo zaulere, ndipo ndinachezera usiku wonse kuzifufuta.

Ndinabwerera ku zithunzi zoyambirira. Ndinakonza kuwala, chithunzi chimodzichimodzi, chifukwa kuphethira kuja kunali kwa mitambo osati kwa nkhani yanga. Ndinafufutanso waya amene ankachirikiza ng'ombe podumpha, pogwiritsa ntchito chithunzi cha tebulo lopanda kanthu chomwe ndinajambula poyamba. Zina zonse ndinazisiya. Lamulo lomwe ndadziikira ndi ili: effect ikonze zomwe zaononga kamera ndi nyengo, isakhudze zomwe lachita dzanja.

Ife ophunzira zolemba ndi zaluso tili ndi matenda omwewa kwina. Timaopa kuti ntchito yathu ikaoneka kuti yachokera kumudzi, kapena m'chipinda chopanda zida, itichititsa manyazi, ndiye timaisalaza mpaka ifanane ndi ya wina aliyense. Ndinazindikira mochedwa kuti sindinkabisa zolakwa, ndinkabisa umphawi wa zida zanga, ndipo pobisapo ndinadzifufuta ndekha.

Chakumapeto kwa kafilimuko, ng'ombe ikamaweramitsa mutu kuti idye, chala changa chachikulu chinasiya kadzenje pa linunda lake. Kamaoneka kwa theka la sekondi, zithunzi 6. Mnzanga uja akuti ndi pomwe ng'ombeyo imapumira. Ndakasiya.