Chirwa, Chilwa ndi Khutu la Kompyuta

Dzina la munthu likawoloka malire a dziko limasintha kalembedwe, mwini wake asakufuna. Kuno ku Sea Point, mumzinda wa Cape Town, Amalawi ambiri amagwira ntchito za m'nyumba, za m'malesitilanti ndi za ulonda m'mafulati a m'mbali mwa nyanja. Popeza amadziwa kuti ndine mphunzitsi, anzanga amandibweretsera mapepala kuti ndiwawerengere. Mayi wina wa kwathu anali ndi dzina limodzi lolembedwa mitundu itatu: Chirwa pa pasipoti, Chilwa pa khadi lina, ndi Tshirwa pa kalata yolembedwa ndi munthu wozolowera kalembedwe ka Chixhosa. Ku ofesi ina anamubweza kuti dzina lake mulibe mu kompyuta. Tsiku limenelo malipiro ake anapita, ya basi inapitanso, chonsecho dzinalo linalimo, kungoti pamene pali r panali l.

Nkhaniyi inandichititsa kufufuza mmene kompyuta imadziwira kuti mawu awiri ndi ofanana. Njira yakale yodziwika bwino ndi Soundex, imene Robert Russell analembetsa ku America mu 1918. Njirayi imasunga lembo loyamba la dzina, imataya malembo a liwu pamodzi ndi h, w ndi y, kenako malembo otsala imawapatsa manambala. B, f, p ndi v ndi 1. D ndi t ndi 3. L ndi 4. M ndi n ndi 5. R ndi 6. Pakatsala malo imaikapo 0. Maina amene apeza nambala imodzi amatengedwa kuti amamveka mofanana. Motero Phiri ndi Piri onse ndi P600, ndipo kompyuta imawaika pamodzi. Koma Chirwa ndi C600 pamene Chilwa ndi C400. Kwa Soundex awa ndi anthu awiri osadziwana.

Apa ndi pamene pagona nkhani, aphunzitsi anzanga. Soundex inapangidwa potsatira khutu la wolankhula Chingerezi, amene l ndi r amazimva ngati maliwu awiri. M'Chichewa kusiyanaku sikusintha tanthauzo. Malamulo a kalembedwe amangotiuza kuti kawirikawiri r amabwera pambuyo pa i kapena e, monga mu "mbiri" ndi "bwera". Pamene h, amene Soundex imamutaya ngati gaga, ndiye amasiyanitsa "kola" ndi "khola", "pala" ndi "phala". Komanso kudalira lembo loyamba n'kovuta m'chiyankhulo chathu, chifukwa kumayambiriro ndi kumene mawu athu amasinthira: munthu, anthu, khasu, makasu.

Njira ina ndi ya Vladimir Levenshtein, katswiri wa masamu wa ku Russia, ya mu 1965. Iyi siimvera katchulidwe. Imangowerenga kuti pafunika kusintha, kuchotsa kapena kuwonjezera malembo angati kuti mawu ena asanduke anzake. Kuchoka pa Chirwa kufika pa Chilwa ndi kusintha kumodzi, choncho mayi uja akanapezeka. Koma kuchoka pa "kola" kufika pa "khola" ndi kumodzinso. Njirayi imapatsa zosintha zonse mtengo wofanana, kaya zapha tanthauzo kaya ayi.

Ife aphunzitsi timachita ntchito yomweyi tikagwira cholembera chofiira. Mwana akalemba "bwela" m'malo mwa "bwera" waphonya lamulo la kalembedwe, koma uthenga wafika. Akalemba "ndadya pala" wataya kampweya kamene kanyamula tanthauzo. Tikamadula malikisi ofanana pa zolakwa ziwirizi, tikuphunzitsa mwana kuopa malembo osadziwa ntchito yake.

Tikumbukirenso kuti chiyankhulo chathu chimalembedwa m'maiko angapo. Mwana wochokera ku Chipata akalemba "cinthu" kapena "Cewa", akutsata kalembedwe ka ku Zambia. Dzina la chigawo cha Niassa ndi Nyasa yemweyo m'kalembedwe ka Chipwitikizi, ngati mmene Ulónguè wa ku Angónia alili pafupi ndi Ulongwe wa ku Balaka. Mwana wotere timuonetse kalembedwe ka sukulu imene alipo tsopano, popanda kumuuza kuti kwawo analakwa.

Pali masewera amene ndimachita ndi ana a Amalawi obadwira kuno, ndipo safuna kompyuta. Ndimalemba pa bolodi maina ndi mawu khumi, ndi kuwauza apange Soundex yawoyawo ya Chichewa. Akakangana pang'ono amagwirizana kuti l ndi r zikhale nambala imodzi, c ndi ch chimodzimodzi, koma kh ndi k zisiyane. Pa "ng'oma" ndi "ngoma" mkangano umatenga nthawi, mpaka wina atchule mawuwo mokweza kuti onse amve. Yesani m'kalasi mwanu sabata ino, muyambe ndi maina a ophunzira anu, ndipo aliyense aone ngati lamulo limene apanga lingamupeze dzina lake litalembedwa ndi mlendo.