Mfuti ya Atate Inatsika Kudenga

Amayi athu atamwalira mu Julaye 2022, ife ana awo atatu tinagwirizana kuti nyumba ya makolo ku Kapata isagulitsidwe, koma tiisinthe malata mvula isanagwe, popeza akale aja anali atabowoka ngati sefa. Tsiku limene amisiri anakwera padenga, mmodzi wa iwo anatsitsa chinthu chachitali chokulungidwa m'chiguduli, chomangidwa ndi mphira za njinga zimene zinangoyoyoka m'manja mwake. Ife awiri, ana aakulu, tinachizindikira chiguduli chija chisanamasulidwe n'komwe. Tinayang'anana, kenaka tinazyolika. Inali mfuti ya mpweya ya malemu atate athu, ndipo inali itagona pamtanda, kunsi kwa malata odontha, zaka 36.

Atate anaipeza mfutiyi mu 1963, tawuni yathu ikali kutchedwa Fort Jameson. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali kutha chaka chomwecho, ndipo mzungu amene ankamugwirira ntchito pamunda wa fodya, polongedza katundu wake, anawapatsa mfutiyi m'malo mwa malipiro a mwezi womaliza. Inali ya BSA, kampani ya ku Birmingham ku England imene inayamba mu 1861 ndi mfuti za nkhondo, n'kudzayamba kupanga za mpweya mu 1905. Chizindikiro chake ndi mfuti zitatu zotsamirana, chomwe chija akuluakulu amachikumbukira pa njinga za BSA. Tili ana tinkachisisita ndi chala, n'kumanena kuti mfuti zitatuzo ndife anyamata atatu a m'nyumba muja.

Mfuti yotere silira onga ngati gogodera. Munthu akapinda mpope wake, sipuling'i ya m'kati imafinyika n'kukodwa. Akakoka kachitsulo kowombera, sipuling'i ija imamasuka n'kukankha pisitoni yokhala ndi kachikopa kutsogolo, ndipo mpweya wopanikizikawo ndiwo umatulutsa kachipolopolo ka mtovu. Kachipolopoloko n'kotalika mamilimita 4.5 m'mimba mwake, sikasiyana kwenikweni ndi njere ya mapira. Kuchepa kumeneku ndiko kumanyenga anthu kuti aiyese choseweretsa ana. Atate sankaiyesa tero. Ankaphera makoswe a m'nkhokwe ndi njiwa za ndiwo, koma ife ankangotilola kunyamula kachitini ka zipolopolo.

Lamulungu lina mu Disembala 1986, mango atapsa, makolo athu anapita kumaliro kumudzi. Wamkulu wa ife anali ndi zaka 14, womupondana naye 12, mzime wathu 8. Tinaitulutsa mfuti kunsi kwa bedi kuti tiphe apumbwa amene ankadya mango kuseri kwa nyumba. Titaikamo kachipolopolo tinayamba kulimbirana kuti ayambe ndani, wina atagwira kumpope, wina kumtengo. Mng'ono wathu anaima chapafupi, kachitini kaja kali m'manja. Kulira kwake kunali kochepa, ngati kuthyoka kwa kamtengo kouma. Kufikira lero sitidziwa kuti chala chimene chinakoka chinali cha yani, ndipo tinaleka kufunsana, pakuti manja athu tonse anali pamenepo.

Chimene tinachita pambuyo pake n'chimene chimatichititsa manyazi koposa. Mwana akulira, magazi ali chuchuchu m'diso lamanzere, ife tinamugwira mapewa n'kumuuza kuti anene kuti wagendedwa ndi legeni ya anyamata osawadziwa. Iye ananena zomwezo. Koma kuchipatala madokotala anatulutsa kachipolopolo, n'kukaika m'dzanja la atate. Disolo silinaonenso.

Tinadikira mkwapulo, koma sunabwere. Atate anabwerako kuchipatala tsiku lachitatu, anatenga mfuti, anaikulunga m'chiguduli ife tikuona, anakwera patebulo n'kuilowetsa kudenga. Sanatifunse kanthu, ifenso sitinanene kanthu. Anamwalira mu 2001 nkhaniyo isanatchulidwe m'nyumba mwathu ngakhale kamodzi.

Tisaname kuti tinamutaya mng'ono wathu. Titayamba ntchito tinamulipirira sukulu, tinamugulira zipangizo pamene anatsegula malo ake okonzera njinga pafupi ndi msika wa Kapata, ndipo pa ukwati wake tinasonkha kuposa wina aliyense. Anthu ankatiyamika kuti ndife abale okondana. Koma ife tinkadziwa mumtima kuti ndalama zathu zinali kupita kumene pakamwa pathu pankaopa kufika.

N'chifukwa chake chiguduli chija chitamasulidwa tinafulumira kunena kuti chitsulocho chatha ntchito, chiponyedwe m'chimbudzi chakale kapena chipite kwa ogula zitsulo. Kunena zoona chinali chomvetsa chisoni. Dzimbiri linali psuu kuyambira kukamwa mpaka kumbuyo, mpope unakana kupindika, mavu anali atamata dothi m'kamwa mwake, ndipo chiswe chinali chitalawa mtengo wake cha kuthako. Koma mzime wathu anaitola, anaitembenuza kawiri, nati: “Akulu anga, pa katundu yense wa atate ine ndifuna iyi yokha. Koma mudzabwere tidzaikonze pamodzi, pakuti ntchito yake ifuna manja ambiri.” Tinasowa pokanira.

Tinagwira ntchitoyi Loweruka lililonse mwezi wonse wa Okutobala, pakhonde la nyumba yake, iye atayamba wakafunsa kupolisi za malamulo osungira mfuti yotere. Munthu amene wakhala zaka zambiri akuukitsa njinga zakufa za m'Chipata, kuphatikizapo za Eagle zija zinkapangidwa konkuno, amalidziwa dzimbiri monga mlimi adziwira kaufiti. Lamulo lake loyamba linali lakuti kukamwa kwa mfuti kuloze kukhoma nthawi zonse, ngakhale tonse tinali kudziwa kuti kachipolopolo komaliza kanatuluka mu 1986.

Loweruka loyamba sanatilole kumasula kanthu. Anangodonthezera palafini pa tizitsulo tomangira ndi pamene mpope umapindikira, nati zigone sabata yathunthu, chifukwa chomangira chadzimbiri ukachikakamiza chimaduka mutu. Mmodzi wa ife anabwera ndi sandipepa kuti ntchito ifulumire, koma iye anailanda. Anatifotokozera kuti kuda kuja kwa chitsulo cha mfuti si penti ayi, koma ndi mtundu wina wa dzimbiri lakuda limene opanga amaliika dala kuti liteteze chitsulo ku dzimbiri lofiira. Sandipepa imachotsa zonse ziwiri pamodzi ndi zilembo zomwe. Anatipatsa waya wosalala uja wokwechera mapoto, woviika m'mafuta, kuti tizisisita pang'onopang'ono n'kumapukuta ndi kansalu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzuwa likupendeka Loweruka lachiwiri, mfuti zitatu zotsamirana zija zinayamba kuonekera pansi pa zala zathu. Timaenje timene dzimbiri linakumba tinatsala, ndipo iye anati palibe mmisiri angatikwirire. Chachikulu n'chakuti dzimbirilo laleka kudya.

M'kati mwa mpope muli timizere tozungulira timene timazunguza kachipolopolo kuti kayende mowongoka. Waya wachitsulo akanatiwononga, choncho anamangirira tinsalu ta thonje ku chingwe cha mbedza, n'kumakoka kuchokera kumbuyo kupita kukamwa, kufikira kansalu kanatuluka koyera. Mabowo a chiswe tinawatseka ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, ndipo mtengo wonse tinaupaka mafuta a matabwa ndi chikhatho.

Ntchito yoopsa inali ya Loweruka lachitatu. Sipuling'i ya mfuti yotere imakhala yofinyika ndithu ngakhale mfutiyo isanakokedwe, ndipo munthu akangomasula chotsekera cha kumbuyo mosasamala, chimafwamphuka ndi mphamvu yotha kuswa mano. Anabwereka chopanira matabwa kwa kalipentala, napanira mfuti yonse m'litali mwake. Wina wa ife anagwirizira chitsulo patebulo, wina ankabweza chopaniracho pang'onopang'ono. Wamkulu wa ife, pofuna kuona bwino, anaweramira pafupi. Pamenepo mng'ono wathu anamukankha pachipumi ndi dzanja lamafuta, nati: “Chotsanipo nkhope, akulu. Diso silimera kawiri.”

Pakhonde panangoti zii. Sipuling'i inatuluka bwinobwino n'kugona patebulo, koma palibe anaiyang'ana. Ndipo wamkulu uja, munthu wa zaka 50 wokhala ndi zidzukulu, anayamba kulira ngati mwana. Mawu amene anatikanika zaka 36 anatuluka osakonzekera: “Mng'ono wathu, ndife tinakuwononga diso, ndiponso tinakunamitsa uli mwana. Tinakulakwira. Utikhululukire.”

Iye anapukuta manja nthawi yaitali asanayankhe. “Diso ndinalizolowera ndikali kusukulu,” anatero. “Chimene sindinachizolowere n'chakuti mukabwera kwanga mumalankhula ndi khoma kapena ndi nsapato zanu. Kuyambira tsiku lija palibe mwa inu anandiyang'anapo kumaso. Ndinataya diso limodzi, koma akulu anga ndinataya awiri.” Kenaka anatiuza chimene sitinkachidziwa. Atate ali pamphasa ya imfa anamuitana yekha n'kumuuza kuti mfuti ija ndi yake, koma asadzaitsitse popanda ife. Iye anasunga mawuwo zaka 21. Tsiku limenelo tinamuyang'ana kumaso, ndipo tinaona kuti wayamba imvi ndiponso kuti amafanana ndi atate kuposa ife tonse.

Zotsalazo zinayenda mosavuta. Sipuling'i inali ikali ndi mphamvu, popeza mfutiyo inasungidwa yosakoka. Kachikopa ka pisitoni ndiko kanali kataumiratu n'kusweka. Iye anadula kena pa chikopa chokhuthala chochokera kwa wosoka nsapato, anakafewetsa, nakaumba ngati kachikopa ka pampu ya njinga. Anatichenjeza zinthu ziwiri zimene eni mfuti zotere ambiri amalakwa. Choyamba, osathira mafuta a galimoto kapena palafini mmene mumapanikizika mpweya, chifukwa mpweya wopanikizika umatentha, mafutawo n'kuyaka monga achitira mu injini ya dizilo, sipuling'i n'kuthyoka. Chachiwiri, osaiwomba yopanda kachipolopolo, chifukwa pisitoni imakamenya chitsulo popanda choitchinjiriza.

Loweruka lomaliza tinapita kumunda kwathu, kutali ndi nyumba za anthu. Tinaika chitini patsinde pa chulu, tinawerenga mapazi khumi, ndipo ana onse tinawaimika kumbuyo kwathu. Woyamba kuwomba anali mwiniwake. Poika mfuti paphewa anati: “Inu mumavutika kutsinzina diso lamanzere. Ine zimenezo munandithandiza kale.” Tinaseka mpaka misozi, chitini chili kugubuduka.

Makolo anzathu, sitiweruza atate athu. Anachita chimene mtima wosweka unawalola. Koma mwana wanu akalakwa chachikulu, musangokweza nkhaniyo kudenga. Kumeneko siiwalika, imangochita dzimbiri. Mukhazikeni pansi anene ndi pakamwa pake chimene wachita, ndipo wolakwiridwayo amve. Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ife taona kuti n'zoona. Koma zaka 36 zimene tinakhala tikuzembana maso palibe adzatibwezere.

Lero mfutiyo ili m'bokosi lokhoma kwa mng'ono wathu, ndipo kachitini ka zipolopolo kamasungidwa kunyumba ina. Mdzukulu aliyense wofuna kuigwira amayamba wamva nkhani ya mu Disembala 1986, ndipo amene timaifotokoza ndife awiri, mwiniwake ali pomwepo.