Nkhope inafika ku Dedza, mwini wake ali pa kauntala

Aliyense amene wawoloka mlatho wa Samora Machel kulowa mu mzinda wa Tete waona nkhope za anthu zitapachikidwa m'mwamba pa zikwangwani zikuluzikulu. Wina wagwira foni akumwetulira, wina wanyamula botolo la mafuta ophikira, wina akulandira ndalama pa banki. Nkhope zimenezi zinayamba kuchuluka pamene makampani a mafoni anayamba kulimbirana anthu. Kampani ya mcel inayamba mu 1997, Vodacom inalowa mu 2003, ndipo Movitel inabwera mu 2012. Ambiri akamadutsa amangoganiza kuti anthu a pa zithunziwo ndi a ku Maputo kapena ku Brazil, olemera kale. Si onse ayi. Ena mwa iwo likalowa dzuwa amabwerera ku kanyumba ka lendi, ndipo mmodzi wa otere ndi mtsikana wina wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia, amene amagulitsa nsalu m'sitolo ina ya mu Tete.

Ntchitoyi ili ndi dzina la Chipwitikizi, amati modelo, koma dzinali limasokoneza anthu. Akalimva amaganiza za atsikana aatali, owonda ngati bango, amene amayenda monyang'wa pa Mozambique Fashion Week, chionetsero cha zovala chimene chinayamba mu 2005. Amenewo ndi ena. Wojambulidwa kuti atsatse malonda pa pepala, pa kalendala kapena pa chikwangwani safunsidwa kutalika kwake. Wogulitsa sopo amafuna nkhope ya mayi amene amachapa, wogulitsa mbewu amafuna manja a mlimi, wa banki amafuna munthu wooneka kuti angakusungireni ndalama osathawa nazo. Mtsikana wa ku Ulongweyu ndi wamfupi, wodzaza thupi, ali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, ndipo mpata umenewo ndi umene unamupezera ntchito.

Sanaifune yekha ntchitoyi. Tsiku lina wojambula zithunzi analowa m'sitolomo kudzagula kapulana ziwiri zoti avale munthu amene ankayenera kujambulidwa, koma munthuyo anali atadwala. Mtsikanayu akuyeza nsalu anaseka nthabwala ya mnzake, wojambula uja n'kuyang'anitsitsa. Anamufunsa ngati angalole kugwira botolo la mafuta ophikira m'mawa mwake. Iye anayesa ndi zachipongwe za amuna, mpaka pamene mwini sitolo anatsimikiza kuti munthuyo amamudziwa.

Anamutenga kusanache, pakuti dzuwa la ku Tete likakwera ufa wa kumaso umasungunuka ndi thukuta, ndipo munthu sangathe kutsegula maso bwino. Chimene chinamudabwitsa ndi chakuti ntchito yeniyeni inali kudikira. Anadikira kuti amukonze tsitsi, anadikira kuti aimike magetsi, anadikira bwana wa kampani amene ankati duku lachuluka zofiira. Kenaka anamwetulira kambirimbiri, botolo lili m'manja, dzina lake liyang'ane kutsogolo, chala chisabise chilembo ngakhale chimodzi, mpaka nsagwada zinayamba kuwawa. Masana anamupatsa pepala la Chipwitikizi kuti asayine pa boneti ya galimoto, anthu onse akufulumira kulongedza. Sanaliwerenge. Anamupatsa envulopu, ndipo ndalamazo zinakwana kugula matumba awiri a feteleza. Anazitumiza kwa amayi ake tsiku lomwelo, mtima uli mbee, poona kuti m'mawa umodzi wapeza zimene pa kauntala amazipeza patapita masabata.

Patatha miyezi iwiri nkhope ija inayamba ulendo. Inaoneka pa makalendala, pa zitseko za magolosale a ku Ulongwe, ku Domwe ndi ku Tsangano, pa mbali ya lole yonyamula katundu. Msuweni wake amene amawoloka malire pa Calomue kukagulitsa mbatata anabwera ndi nkhani yakuti waiona ngakhale pa msika wa ku Dedza, ku Malawi. Chaka chinatha, china chinatha, nkhope ikadali pomwepo, yayera ndi dzuwa, ndipo kwa mwini wake sikunabwerenso ngakhale metikali imodzi.

Apa ndi pamene panagona vuto, pakuti kumudzi palibe amene akanakhulupirira zimenezi. Munthu amene nkhope yake ili pa lole angakhale bwanji wosauka? Achibale anayamba kuimba foni: wina wa fizi, wina wa mankhwala, wina wa malata. Akayankha kuti alibe, ankati town yamuwononga, wayamba kumana abale. Amayi ena a ku tchalitchi ankanong'ona kuti mtsikana samwetulira amuna onse a pamsewu popanda chifukwa. Mnyamata amene ankamufunsira anayamba kuzizira. Mapeto ake a malume ake, amene ndi mwini mbumba, anamuitanitsa.

"Mwana iwe," anatero a malume atakhala pa khonde, "ine ndamva kuti wagulitsa nkhope. Ndiuze, wagulitsa kwa zaka zingati?"

"Sindikudziwa, a malume."

"Nanga munda umene ndinabwereketsa kwa aphunzitsi aja, ukuganiza kuti ndinangoti limani mpaka Yesu adzabwere?"

A malumewo sanapite patali ndi sukulu, ndipo sanaonepo ofesi ya otsatsa malonda, koma funso lawo ndi lomwelo limene ntchito yonseyi yatsamirapo. Amene anamufotokozera bwino ndi mayi wina wokonza tsitsi, yemwe uja anamukonza tsiku lojambula, amene anagwirapo ntchito zaka zingapo ndi ojambula a ku Maputo. Mayiyu anamuuza kuti pa ntchito yolongosoka malipiro amakhala awiri. Oyamba ndi a tsikulo, olipira thukuta ndi nthawi. Achiwiri ndi a kagwiritsidwe ntchito ka chithunzi: chiikidwa pati, pa kalendala pokha kapena pa zikwangwani ndi pa intaneti pomwe, m'dziko liti, kwa nthawi yaitali bwanji. Nthawiyo ikatha, kampani imachotsa chithunzi kapena imalipiranso. Kawirikawiri ndalama zenizeni zimakhala pa malipiro achiwiriwa. Anamuuzanso china chimene chinamupweteka kwambiri: pamene nkhope yake ili pa botolo la kampani imodzi, kampani ina ya mafuta ophikira singamutenge, chotero pepala lija linamutsekeranso khomo lina.

Malamulo a dziko lino sanamuiwale munthu wotere. Ndime 41 ya Malamulo Aakulu a 2004 imateteza dzina ndi chithunzi cha nzika, ndipo ndime 79 ya Código Civil imaletsa kuika chithunzi cha munthu pa malonda iye asanavomere. Koma iye anali atavomera, ndipo pepala limene anasayina silinatchule malire a nthawi kapena a dziko. Kampaniyo sinabe monga mwa lamulo. Inangogula nkhuku pa mtengo wa dzira, kwa munthu amene sankadziwa kuti akugulitsa nkhuku, ndipo anthu a ulemu wawo sayenera kunyadira malonda otere.

Wina akanasiyira pomwepo. Iye anaona kuti popeza manyazi wawalipira kale, kuli bwino aphunzire ntchitoyo. Mayi wokonza tsitsi uja anamuletsa kuwononga ndalama pa zithunzi za mu situdiyo zokhala ndi maluwa a pulasitiki kumbuyo. Anamuimika pa khoma loyera m'mawa, wopanda zodzola zambiri, n'kumujambula ndi foni: nkhope yokha, cham'mbali, thupi lonse, akumwetulira ndi asakumwetulira. Osankha anthu amafuna kuona munthu monga alili, pakuti akafika wosiyana ndi chithunzi chake amamubweza pakhomo. Pansi pake analemba msinkhu, saizi ya zovala ndi ya nsapato, ndi zilankhulo zimene amayankhula. Anakonzetsa chiphaso chake cha BI, anakatenga nambala ya msonkho ya NUIT, natsegula akaunti ku banki, chifukwa makampani aakulu salipira ndi envulopu.

Maofesi amene amapezera anthu ntchito zotere, amene amatchedwa agência, ambiri ali ku Maputo, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku Tete. Iwo amadya pa ntchito imene akupezerani, kawirikawiri 20 pa 100 iliyonse, ndipo ndalama zimafika kampani ikalipira, mwina patatha mwezi, mwina miyezi itatu. Tsiku lokaonedwa ndi osankha, limene amati casting, salipira, ndipo mwa anthu ambiri amene amabwera amatengapo mmodzi kapena awiri. Atawerengera mtengo wa basi, malo ogona ndi chakudya, anaona kuti kuthamangira casting ya ku Maputo kuli ngati kugula mbuzi ili m'thumba. Anatumiza zithunzi zake, nauza ojambula a mu Tete kuti alipo, ndipo ntchito ya pa kauntala sanaisiye. Pa zonse zimene anachita, ichi ndicho chinali chanzeru koposa, ngakhale anzake ankamuseka kuti modelo wanji woyeza nsalu.

Chiyeso chachikulu chinabwera pa WhatsApp. Munthu wina wodzitcha mkulu wa agência ya ku Johannesburg analemba kuti waona nkhope yake, ndipo ikufunika msanga. Analonjeza nyumba, chakudya ndi malipiro a ma rand. Chofunika chinali kutumiza ndalama zolembetsera, kenaka kukwera basi mpaka pa Ressano Garcia, kumene munthu wawo adzamulandira ndi kumusungira pasipoti. Bodza limeneli limakoma chifukwa lili ndi choonadi pang'ono. Ku South Africa ntchitoyi ilikodi ndipo ndi yaikulu. Mu Cape Town, miyezi ya dzinja la kuno pamene ku Ulaya kukuzizira, makampani a kumeneko amabwera kudzajambula zithunzi za malonda awo pa dzuwa. Mtsikanayu anagona masiku atatu osapeza tulo. Ndalama zolembetsera anali nazo, zimene ankasunga kuti agule makina osokera. Ankaganiza za amayi a ku tchalitchi aja, ndi mmene angawatsekere pakamwa atabwera ndi masutikesi.

Mayi wokonza tsitsi uja atawerenga mauthengawo sanachuluke mawu. "Mwana wanga, agência yeniyeni imadya iwe utadya. Iyi ikufuna kudya iwe usanaphike." Anamukumbutsa kuti masiku amene munthu wa ku Mozambique amaloledwa kukhala ku South Africa popanda viza ndi a ulendo wocheza, si chilolezo cha ntchito, ndipo wolemba ntchito woona amayamba wakamba za mapepala amenewa. Anamukumbutsanso za Aldina dos Santos, amene anthu ankamudziwa kuti Diana, amene anatenga atsikana a ku Mozambique powalonjeza ntchito n'kukawagwiritsa uhule, ndipo khoti la ku Pretoria linamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse mu 2011. Nkhani imeneyo inatuluka mu 2008, chaka chomwecho chimene dziko lino linakhazikitsa lamulo nambala 6/2008 loletsa kugulitsa anthu. Mtsikanayu anayankha uthengawo ndi mafunso awiri okha: dzina la msewu umene ofesiyo ili, ndi dzina la kampani imene ikufuna chithunzicho. M'malo mwa yankho anamupempha zithunzi atavala zamkati zokha. Anatseka nambalayo. Mnzake wina wa pa sitolo yoyandikana, amene analandira uthenga womwewo, anatumiza ndalamazo, ndipo nambala ija sinayankhenso.

Kuyambira nthawi imeneyo wajambulidwa kangapo, mwina kamodzi kapena kawiri pa chaka: pa pepala la sukulu ina ya ntchito zamanja, pa kalendala ya sitolo ya zipangizo zomangira, pa chikwangwani cholimbikitsa amayi kupita ku sikelo. Si ndalama zoti munthu angamangire nyumba, koma makina osokera anagula. Pepala lililonse amapita nalo kunyumba kukaliwerenga usiku, ndipo amafunsa zinthu zinayi: liikidwa pati, m'dziko liti, mpaka liti, ndipo malipiro afika tsiku liti. Wojambula wina anakwiya nati atsikana ofuna ntchitoyi ndi ambiri, ndipo anatengadi wina. Ntchito imeneyo inamudutsa, ndipo mwezi umenewo lendi inavuta.

Chaka chatha wojambula uja woyamba anamuimbira foni, osati kufuna iye, koma kufunsa ngati akudziwa mlimi wachikulire wa ku Angónia, wa manja okhakhala, woti agwire chimanga pa pepala la kampani ya mbewu. Iye anatchula a malume ake. Anthu anayesa akana, popeza ndi iwo amene anaweruza mlandu wa nkhope uja. Sanakane. Anavala jekete lawo la ku maliro, ojambula n'kuwapempha kuti alivule. Anakana khasu latsopano limene anawabweretsera, nati aliyense wa ku Domwe adzaona kuti khasulo silinalimepo, ndipo anatenga lawo. Pepala litabwera anaitana mwana wa mlongo wawo kuti awawerengere mzere ndi mzere, akumasulira m'Chinyanja, anthu a kampani ataima padzuwa. Pamene anafika pa mawu akuti chithunzicho chigwira ntchito nthawi ina iliyonse ndi kwina kulikonse, a malume anakweza dzanja.

"Pamenepo mufufute. Mulembe chaka chimodzi, Mozambique yokha. Mukafuna Malawi, mubwerenso tidzakambirane."

Mnyamata wa kampaniyo anapita kuseri kwa nkhokwe kukaimbira foni abwana ake. Anakhalako nthawi yaitali ndithu, kenaka anabwera akufunafuna cholembera m'thumba.