Tailosi Loyamba

Amayi akumudzi amadziwa kuti ulemu wa nyumba umayambira pansi. N'chifukwa chake amazira ndi mtsiro mpaka pansipo pachite kuti see! M'matauni mtsiro udasiyira malo simenti, ndipo m'nyumba zambiri simentiyo yasiyira malo matailosi, mapale adothi lootcha amene savuta kukolopa. Kwa woonerera, kuyala matailosi kumaoneka ngati masewera. Koma mnyamata wina wa ku Ndirande, mumzinda wa Blantyre, adakulawa kulemera kwake.

Mayi ake, amene ankagulitsa mandasi pamsika, adasunga ndalama miyezi yambiri kuti akonze khitchini yawo, popeza simenti yake idali itakumbikakumbika. Ndalamazo zidangokwanira matailosi ndi simenti yomatira basi; yolipira mmisiri padalibe. Motero ntchito idagwera mnyamatayo, yemwe adali atangolemba kumene mayeso a Folomu 4. Womulangiza adali amalume ake, mmisiri womanga nyumba amene maondo adali atawakana kale.

Khitchiniyo idali ya mamita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi, pomwe tailosi lililonse lidali la masentimita 30 mbali zonse. Choncho pankafunika matailosi 100, ndipo mayiwo adagula 110. Poti pakati pa matailosi pamasiyidwa mipata, onse 36 a m'mphepete mwa makoma ankayenera kudulidwa pang'ono. Kuswa oposa 10 kukadasiya khitchini ya chigamba, ndalama zogulira ena palibe.

Mnyamatayo ankafuna kuyamba m'mawa womwewo, kuyambira pakona.

"Mphwanga, kuona maso a nkhono n'kudekha," adatero amalumewo atakhala pampando pakhomo. "Tenga sopo ndi bulashi."

Masiku oyambirira adathera kukwecha mafuta, pakuti simenti yomatira sigwira pamalo onona, ndiponso kutseka maenje ndi kudikira kuti paume. Adagoneka thabwa loongoka pansi, naika levulo pamwamba pake, kufufuza pamene padatukuka ndi pamene padalowa. Tailosi silipindika ngati mkeka; likakhala pamalo osalingana limasweka mwendo wa tebulo ukalitsamira.

Kenaka amalume adamuuza kuti akoke zingwe ziwiri zopingasana pakati penipeni pa chipindacho, chifukwa makoma kawirikawiri sakhala oongoka, ndipo wotsata khoma amatengera kukhota kwake. Kuchokera pamene zingwezo zidakumana, adayeza masentimita 60 pachingwe china ndi 80 pa chinzake.

"Pakati pa zizindikiro ziwirizo papezeke 100," adatero mkuluyo.

"Amalume, amenewatu ndi masamu a Pythagoras! Tidaphunzira kusukulu."

"Dzinalo ndi lanu ophunzira. Ife timangodziwa kuti kona yakhala."

Apo m'pamene tailosi loyamba lidaikidwa. Mnyamatayo adakanda simenti yochepa, yoti athe kuigwiritsa ntchito isanalimbe, naipaka ndi chitsulo cha mano chimene chimasiya timizere tofanana msinkhu. Adalitsindikiza pamphambano ya zingwe zija, naligogoda ndi hamala ya labala, naliyeza ndi levulo kangapo konse. Kusamala konseku n'chifukwa choti tailosi loyamba ndi mtsogoleri. Likapendama pang'ono chabe, otsatira onse amapendama, ndipo pofika kukhoma cholakwacho chimakhala chitakula moti ngakhale mwana amachiona.

Ena onse adatsatira, olekanitsidwa ndi timitanda tapulasitiki ta mamilimita 3. Mnyamatayo adayamba wamaliza mbali ya kutali ndi chitseko kuti asadzitsekere mkati. Amalume ankagogoda matailosi ndi ndodo yawo, khutu lili tcheru. Limodzi lidalira ngati ng'oma.

"Zula limenelo. Pansi pake pali mphako."

"Komatu likuoneka bwino, amalume."

"Likuoneka bwino lero. Amayi ako akadzagwetsapo poto, adzalira ndani?"

Mnyamatayo adalizula simenti isanaume, nalipaka mokwanira. Podula a m'mphepete ndi makina obwereka, adathyola 6, mtima uli m'mwamba, koma dzanja lidafika pozolowera. Patapita maola 24 popanda wopondapo, adathira simenti yotsekera mipata, napukuta yotsalira ndi siponji yonyowa isanakakamire.

Anthu amene adabwera kudzaona adayamikira kunyezimira kwa matailosiwo, chinthu chimene chidachokera kufakitale. Ntchito yeniyeni ya mnyamatayo, yokwecha, yoyeza ndi yodzaza mphako, idakwiririka pansi pomwe diso silifika. Ntchito zambiri zolimba n'zotero: chimene chimazigwiriziza sichioneka, ndipo mmisiri woona ndi amene amachisamala ngakhale akudziwa kuti palibe adzamutamande nacho.

Matailosi 4 otsalawo mayi aja adawakulunga m'nyuzipepala n'kuwasunga pamwamba pa kabati, pakuti mtundu womwewo sukhalitsa m'sitolo.