Ulendo wa pa Njinga Kucokera ku Mitundu Kunka ku Nathenje Podzera m'Madambo

Munthu wofuna kucoka ku Mitundu kunka ku Nathenje ali nazo njira ziwiri. Yoyamba ndiyo ya galimoto: atsata mseu wa phula wodzera pa Bunda kufikira pa mphambano ya mseu waukuru wa M1, pafupi ndi mzinda wa Lilongwe, napotolokera kumwera monga wonka ku Dedza. Njirayi njosalala, koma izungulira kwambiri, nidya ndalama. Yaciwiri ndiyo ya pfumbi, yodula pakati pa midzi ndi madambo. Imeneyi ndiyo tinayenda awiri, ine ndi mphunzitsi wina wa katekisimu, m'mwezi wa Meyi, mwezi wa Amai Maria, mvula itangoleka.

Tinanyamuka mbandakuca, mame akali pa udzu. Pa msika wa Mitundu ogula nsawa ndi soya anali kupacika masikelo ao, ndipo anyamata a makala anali kudutsa ndi matumba omangidwa ndi malegeni pa kaliyala, thukuta liri kamukamu ngakhale kunali cisanu. Kumbuyo kwathu kunali mapiri a Dzalanyama, kumene ucokera mtsinje wa Lilongwe; kumanzere phiri la Bunda, la mwala wokhawokha, limene makolo ankapempherako mvula, ndipo patsinde pace pali sukulu yaikuru ya ulimi; kutsogolo, kutali, phiri la Nkhoma. Woyenda m'dziko la mafumu Chiseka ndi Chadza sasowa womlozera njira malinga akayang'ana mapiri atatu amenewa.

Pamtunda njira njokoma. Nthaka ndi katondo wouma, njinga ingothamanga yokha pakati pa zigafa, nkhokwe ndi mikukwe ya cimanga. Koma dziko lino, lingakhale lioneka lathyathyathya, lagawika ndi madambo. Ndipo dambo ndilo lilamulira ulendo wonse.

Dambo lisiyana ndi mtsinje, pakuti liribe magombe. Pansi pace pali dongo losalola madzi kupitirira. Tsono mvula yogwa m'minda ya kumtunda ilowa m'nthaka, niyenda mobisika pang'onopang'ono kufikira itulukira m'mphepete mwa dambo. Ndico cifukwa cace kawirikawiri mphepete ikhalabe yonyowa pa cilimwe, pamene makande a pakati aumiratu nang'ambika ming'alu. Ndico cifukwa cacenso zitsime ndi madimba zikhala pomwepo. Dambo lisunga madzi monga mtsuko, niliwapereka pang'onopang'ono ku timitsinje. Timitsinje tiwatula m'Lilongwe ndi m'Diamphwe, iyo iwatula m'Linthipe, kufikira ku nyanja ca ku Salima. Mai wotunga pa citsime m'mwezi wa Okutobala akutunga mvula ya Febuluwale.

Kwa wokwera njinga malamulo ndi awa, monga anandiphunzitsa mnzangayo. Pomera mlulu usapalasepo, tsika. Tsata mikwaso ya ngolo ndi ng'ombe, pakuti zidziwa polimba. Makande akanyowa amatirira pakati pa tayala ndi madigadi kufikira gudumu lileka kuzungulira. Pamenepo palibenso nzeru yina koma kamtengo kokolopola nako, ndi kupirira. Nyengo yabwino ndiyo kuyambira Meyi kufikira Okutobala, kungakhale mu Juni ndi Julaye mwera ulasa zala, ndipo kumapeto mcenga ucuruka.

Pa dambo laciwiri tinapeza mnyamata wa mu mzinda ataima, atabvala cisoti ndi zobvala zothina, ali kuyang'ana lamya yace. Njinga yace inali yopepuka, ya mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa, ya matayala onenepa pang'ono, yopanda kaliyala. Anatilonjera mwaulemu, nati, "Zikomo bambo, mapu anga akuti njira ilunjika pomwepa." Aphunzitsi anaseka, nati, "Acimwene, lamya yanuyo sidziwa makande. Tiyeni mutitsate."

Kuyenda m'njira za pfumbi mwa masewera kwafala masiku ano m'maiko ambiri. Ku America, pa mudzi wa Emporia m'cigawo ca Kansas, anayamba mu 2006 mpikisano wa mamailosi 200, okwera ali 34 okha; lero uchedwa Unbound Gravel, ndipo akhamukirako anthu zikwi. Ku Kenya, m'dziko la Amasai, wao unayamba mu 2021, ndipo mu 2022 ku Italy kunacitika mpikisano woyamba wa dziko lonse lapansi. Ine sindinyoza masewera amenewa ai: mlendo wotere agula nthoci ndi zitumbuwa m'midzi, napatsa nchito wokonza njinga wa pansi pa mkuyu. Cokhaco, alonjere anthu, acepetse liwiro pamene pali ana, ndipo asalowe m'msitu wa manda kukafuna mthunzi. Koma ndinadabwa mumtima kuona kuti njira imene iye aifunafuna cifukwa ca kubvuta kwace ndi yomweyo imene eni mudzi aidandaula tsiku ndi tsiku. Abambo Oyera, amene anamanga mishoni ya Likuni mu 1903, ndi aphunzitsi oyamba anaoloka madambo otere kukabatiza ndi kukadzoza odwala, ndipo ndiyesa kuti palibe mmodzi wa iwo anaacha okondweretsa.

Tiri atatu tsopano, tinaona akakowa ali kutsata ng'ombe, ndi nanchengwa ali duu pa thamanda. Tinaonanso zomvetsa cisoni. Kumutu kwa dambo lina adabzyalako bulugama wambiri. M'mphepete muli maenje a njerwa. Mizere ya cimanga yafika mpaka m'madzi. Ndipo pakati, pamene kale panali udzu wokhawokha, padutsa cigwembe cakuya kuposa msinkhu wa munthu. Aphunzitsi anati ali mwana ankagwira milamba pamenepo mpaka nthawi yosweka mphale, koma tsopano citsime ca pamudzipo ciphwa mvula isanayandikire. Cigwembe cikayamba, madzi amene akadakhala miyezi athawa tsiku limodzi. Papa Fransisko, m'kalata yace Laudato Si' ya mu 2015, anachula madambo pakati pa zolengedwa zimene zitayika pamene anthu azisandutsa minda. Koma sindiweruza msanga mwini dimba, pakuti caka ca njala dimba ndilo lipulumutsa ana.

Pa cigwembe cimeneco panali ulalo wa mitengo itatu, umodzi utathyoka, wina utaola. Anthu anatiuza kuti a tsidya lino anena kuti ulalowo ngwa a tsidya ilo, ndi a tsidya ilo anena comweco; kotero wakhala cikhalire. Tikali kuganiza za kaolokedwe, tsidya linalo panatulukira mwamuna akukankha njinga, pa kaliyala pali amai ace okalamba, atafunda citenje, mutu uli zyoli. Anali kunka nao ku cipatala ca mishoni ku Mlale, pafupi ndi Mitundu, ndipo anali atayenda kuyambira tambala woyamba.

Agogowo anayang'ana ulalo, nati, "Mwananga, ndibweze ndikafere kwathu." Aphunzitsi anaoloka, nagwada pambali pao, nati, "Iai agogo, mufika ndithu. Tiripo amuna anai pano." Mnyamata wa mu mzinda anabvula nsapato zace za mtengo wapatali osanena kanthu, natsikira m'matope ofika m'maondo, ine ndinatsikira mbali yina. Mwana wao anawabereka, nayenda pa mtengo wotsala wamoyowo, ife tikumcirikiza ndi manja kucokera pansi. Mtengo unalira kawiri. Atafika tsidya lino agogo anaomba m'manja mofooka, ndipo tinabwereranso kukatenga njinga. Kukadakhala mu Januwale, madzi ali thothotho, palibe akadaoloka pamenepo.

Dzuwa liri paliwombo tinaima pansi pa mtengo wa mango kunena pemphero la Mngelo wa Ambuye. Mlendo wathu, ngakhale sanali wa mpingo wathu, anabvula cisoti. Posacedwa tinamva magalimoto a pa M1, ndipo malata a Nathenje anaonekera. Iye anatsazika nalowera ku Lilongwe, miyendo iri mbuu ndi makande ouma.

Ife tinakhala pa khonde la sitolo yina kumwa thobwa. Aphunzitsi anaturutsa kabuku kao ka maina a ophunzira ubatizo, nalemba pa tsamba lomariza zimene adzapempha miphakati ya mbali zonse ziwiri Lamulungu likudzali, atatha mapemphero: mitengo inai yolimba, misomali, ngolo imodzi, ndi amuna khumi a tsiku Loweruka.